Kwathu Amafunsa Katatu

Lolemba, 9 Juni

Ndafika. Minnesota, dera la kwathu, akadali pompaja ndinamusiya. Chimanga uku, chimanga uko, tchalitchi pakati.

Chaka chathunthu ku Utrecht, mzinda wa Adatchi ku Ulaya, ndipo chinthu choyamba chimene dziko langa landipatsa ndi kuphwanya nthiti. Amayi kundikumbatira pabwalo la ndege. Ndinali nditaiwala kuti kuno moni ndi ndewu. Chachiwiri, kapu ya madzi pamalo odyera panjira: ayezi mpaka pakamwa, madzi masupuni awiri. Mtsikana woperekera zakudya kumangobwerabwera, ati kodi zonse zili bwino? Akudziwapo chiyani pa chakudyachi chimene ine sindikudziwa?

Chodabwitsa: woyendetsa galimoto Amayi. Bambo kumpando wam'mbali, manja pamaondo ngati mwana wa kwaya. Munthu amene sanalolepo wina kugwira chiwongolero chake, ngakhale chaka chija anathyoka mkono. Amayi ati ndi msana. Chabwino, msana.

Nkhani yaikulu ndaiponya tili m'galimoto momwemo, monga achitira Adatchi, osazungulira. Andipatsa malo ku yunivesite konkuja, digiri yachiwiri, zaka ziwiri. Bram, chibwenzi changa chachidatchi, wamtali ngati mzati wa magetsi, wapeza kale kachipinda ka awiri pamwamba pa shopu yokonza njinga. Yankho likufunika pofika pa 1 Ogasiti. Ndafunsa: kodi pali vuto ndikabwerera?

Amayi, maso pamsewu: "Ayi, Kari, pita. Ife tili bwinobwino."

Bambo: "Kuja kuli madzi ambiri, eti?"

Basi. Funso limodzi, yankho limodzi. Onani mmene moyo umaphwekera munthu akayendako.

Lachitatu, 11 Juni

Ndinati ndipite wapansi kugolosale. Mlandu waukulu. Galimoto iliyonse yodutsa kuima. Abusa, mutu pawindo: "Yakuferani pati?" Ndati ayi, ndikungoyenda. Andiyang'ana ngati ndanena kuti ndamusiya Yesu. Pofika kunyumba Amayi anali atalandira kale mafoni, ati mwana wa a Duane akuyenda mumsewu, kodi pakhomopo pali mtendere?

Buledi wake nanga. Wotsekemera, wofewa ngati pilo. Ndaufinya wonse wasanduka kampira kokwana m'dzanja. Zaka zonsezi ndinkadya thonje ndikuthokoza Mulungu.

Bambo atchetcha kapinga m'mawa. Madzulo atchetchanso, yemweyo. Dziko lino ndi kapinga, abale! Ku Utrecht munthu amaika mpando panja n'kukhala. Kuno udzu ukangodzutsa mutu, nkhondo.

Lamulungu, 15 Juni

Ndachimwa. M'chipinda chapansi cha tchalitchi, pamaso pa mpingo wonse wa Lutheran.

Ndilembe lamulo lake, kuti adzukulu anga achidatchi adzaseke. Silili m'Baibulo, koma Malamulo Khumi amachepa. Kwathu akakupatsa chinthu, koyamba umakana. Kachiwiri umakananso, koma uwonjezerepo kabodza: ndangodya kumene, dokotala anandiletsa. Kachitatu ndi pamene umati, chabwino, ngati sizikuvutitsani, kochepa kokha. Wopereka akasiya pa kachiwiri, ndi wankhanza. Wolandira akavomera pa koyamba, analeredwa ndi nkhumba. Ndipo chidutswa chomaliza sichidyedwa. Amachidula pakati. Wina amadzadulanso theka lotsalalo pakati. Mpaka pambale patsale kanyenyeswa kofuna galasi la asayansi, ndipo nakonso amakakulunga n'kupatsa wamasiye.

Ndiye Azakhali Lois, mlongo wa Bambo, mfumukazi ya khitchini ya tchalitchi, afika ndi mbale. Keke ya mandimu, chidutswa chimodzi chokha. "Kari, sutenga?"

Ine: inde, zikomo. Ndatenga. Chonse. Ndadya.

Zii. Ndinamva supuni ikugwa kuchipinda china. Amayi kunditsina ntchafu kunsi kwa thebulo. Azakhali akumwetulira ndi mano okhaokha: "Eee, koma ndiye ku Ulaya amakuphunzitsani zambiri."

Amaphunzitsadi. Tsiku langa loyamba kwa amayi ake a Bram: khofi, chitini cha mabisiketi chatsegulidwa, ine mwana woleredwa bwino ndati ayi, zikomo. Chivindikiro khwa! Chitini m'kabati. Ndinakhala pamenepo kudikira funso lachiwiri mpaka dzuwa kupendeka, m'mimba mukulira nyimbo ya fuko. Ndinabadwanso mwatsopano tsiku limenelo. Ayi ndi ayi. Inde ndi inde. Anthu aja amanga dziko pansi pa nyanja chifukwa sataya nthawi kukakamizana keke.

Yokoma inali, kekeyo. Sindikulapa.

Lachisanu, 20 Juni

Ndimati ndiphike buledi weniweni, ndiwaonetse anthuwa. M'chitini cha ufa wa tirigu ndapezamo makiyi a galimoto ya Bambo. Okwiriridwa bwinobwino. Amayi anditsomphola, ati anawaiwala momwemo. Kuiwala makiyi pansi pa ufa. Mayi amene amakumbukira tsiku lobadwa la galu wa aneba.

Akuoneka otopa. Maso olowa. Ndati ndikuthandizeni kuchapa? Ati ayi. Ndapita kukawerenga pakhonde. Munthu wamkulu wayankha, ine ndani.

Bram pafoni, atangoona nkhope yanga: "Wanenepa masaya." Palibe moni. Ndatsala pang'ono kulira ndi chikondi. Kuno mlungu wonse aliyense akundiuza kuti ndikuoneka bwino kwambiri, ngakhale tsiku limene udzudzu unanditupitsa diso.

Buledi wapsa bwino, wolimba, wakuda. Bambo aluma, atafuna nthawi yaitali, kenako ati, "Ndi wosiyana ndithu." Kumeneko ndiye kutukwana kwa kwathu. Kulibe kwina koposa apo.

Lachinayi, 26 Juni

Mbendera pakhonde lililonse, kuopa kuti tingaiwale dziko limene tili. Mumsewu wonse woyenda pansi ndine ndekha ndi agologolo. M'sitolo kuzizira ngati mosungira mitembo, panja ng'anjo. Ndafunsa mowa waung'ono pamalo odyera nyama yootcha, andifunsa chiphaso. Zaka makumi awiri ndi zitatu, digiri m'thumba.

Bambo andifunsanso ngati kuja kuli madzi ambiri. Ndawafotokozeranso za ngalande. Amvetsera mwachidwi ngati koyamba. Ndiwo okha m'tauni muno amene sanatope ndi nkhani zanga za ku Ulaya.

Sindinayankhebe ku yunivesite. Ulesi chabe. Nthawi ilipo.

Lachisanu, 4 Julayi

Tsiku la ufulu. Chaka chilichonse Bambo amayendetsa thirakitala yawo yakale pachionetsero, mbendera kutsogolo, ana kumbuyo akuponya maswiti. Chaka chino ili m'galaja. Msana.

Tinaima m'mbali mwa msewu, dzuwa likuswa mutu. Bandi ya sekondale ikupha nyimbo imodzi ndi imodzi. Amayi anapita kukagula chakumwa, ati ndikhale ndi Bambo. Ine ndinali kalikiliki kufotokozera mayi wina kuti ku Ulaya sachita zaphokoso zotere. Potembenuka, Bambo palibe.

Nkhope ya Amayi atabwerera. Sindinaionepo. Makapu anangowaika pansi pamsewu, mwaulemu. "Usafuule. Usauze anthu. Iwe pita uko, ine uku."

Ndinawapeza kusukulu ya pulayimale. Sukulu yotseka, maholide. Ataima pageti, chipewa m'manja. Nditayandikira anandigwedezera mutu ngati mlendo.

"Pepani mayi, ndikudikira mwana wanga. Kari. Wa giredi yachiwiri. Sachedwa chonchi."

Ndinaima nawo. Tinadikira limodzi. Sindikudziwa kuti nthawi yaitali bwanji. Kenako ndinati, Bambo, ndine. Anandiyang'ana, kuyang'anitsitsa, n'kuseka. "Ndimangokuyesa." Tinabwerera wapansi, atandigwira dzanja ngati wowolotsedwa msewu ndine.

Palibe galimoto imene inaima. Lero lokha.

Loweruka, 5 Julayi

Ndawapanikiza Amayi kochapira. Mwachidatchi, mosapaka mafuta. Bambo akudwala chiyani?

Dzuwa, ati. Sanamwe madzi okwanira. Ukalamba basi, aliyense amasokonezeka.

Ndati mukufuna ndikhale? Ndisapite ku Utrecht?

Anapinda thaulo limodzi, n'kulifunyulula, n'kulipindanso. "Usayankhule zopusa. Lois amabwera. Komanso chipinda chako ndikufuna kuikamo makina osokera."

Amayi sasoka. Batani likathothoka amagula malaya ena.

Koma ndafunsa, ayankha. Ndi munthu wamkulu. Ndikulemekeza mawu awo. Kumeneko ndiye kulemekeza munthu, kumukhulupirira akanena. Ndinalemba ndime yonse pa zimenezi m'mayeso, ndinakhoza bwino.

Lachiwiri, 15 Julayi

Masiku onsewa osalemba. Ndilembe chiyani. Kapinga watsala dothi lokha.

Azakhali Lois anabwera ndi mbale yawo yotchuka ya mbatatesi ndi nyama yogaya zomira mu supu wam'chitini. Ku Utrecht ndinkailota, koma zimenezi ndidzafa nazo osaulula.

Kutsanzika kwa kwathu. Adatchi amaimirira, amati tapita, chitseko. Kuno munthu amamenya maondo, ati chabwino, tizipita, kenako akhalanso theka la ola. Kenako kuimirira. Kenako pakhomo la khitchini, kukanirana zotsala katatu. Kenako pakhonde, nyengo. Kenako pagalimoto. Ndipo ndazindikira lero: kwathu zoona zimanenedwa pawindo la galimoto, injini ikulira, phazi lili kale pa buleki.

Amayi anali atabwerera m'nyumba kukaona Bambo. Azakhali atsitsa galasi.

"Dokotala ananena mu Febuluwale. Matenda oiwala aja, ndipo akuthamanga. Mayi ako anatilumbiritsa kuti tisakusokoneze sukulu. Amagona pampando pafupi ndi chitseko, Kari, kuopa kuti Duane angatuluke. Ine mawondowa akandichita opaleshoni mu Seputembala. Koma sindinanene kanthu ine. Umupatse moni mnyamata wako wamtali uja."

Galasi kukwera. Galimoto kuchoka pang'onopang'ono ngati ya maliro, dzanja likubayibitsa.

Febuluwale. Mu Febuluwale ine ndinali kutumiza zithunzi za tchizi.

Lamulungu, 20 Julayi

Ndakwiya. Ndikufuna zilembedwe kuti ndakwiya, ndipo ndili ndi zifukwa zomveka.

Ndamuuza Bram zonse. Ndati taona anthu akwathu, fuko la abodza aulemu. Nyumba ikupsa, iwo ati kwafunda pang'ono. Ndati ine mbali yanga ndachita, ndafunsa, andiuza kuti ndipite. Ndimayembekeza kuti Mdatchi andiombera m'manja.

Iye akutafuna buledi wake wa tchizi, osathamanga. "Wafunsa kangati?"

Ndati ukutanthauza chiyani.

"Unandiuza wekha. Kwanu amafunsa katatu. Unatiseketsa nazo kunyumba kwa amayi, mpaka amayi anakutsegulira chitini kachiwiri. M'galimoto kamodzi. Kochapira kawiri. Ndiye?"

Ndati zimenezo ndi za keke.

"Ayi. Ukuopa kufunsa chifukwa yankho ukulidziwa. Ukubisala kumbuyo kwa ife."

Ndinadula foni. Mwano! Chaka chonse ndakhala ndikutamanda anthu awa kuti amanena zoona, osadziwa kuti tsiku lina adzandinenera ineyo. Zoona zimakoma zikamanenedwa za tsitsi la munthu wina.

Chitsiru chachitali. Chipindacho ndi cha awiri. Akanangokhala chete, bwenzi ndikubwera.

Lamulungu, 27 Julayi

Mlungu wonse ndikuzungulira Amayi ngati mphaka pa mbale yotentha.

Ndayeserera pa zinthu zazing'ono. Khofi, Amayi? Ayi. Ndithu? Ndamwa kale. Ndatereka kale madzi, angotayika. "Chabwino, theka la kapu." Amwa makapu awiri. Ndikhale ndi Bambo mupite kukameta? Ayi. Ndithu? Tsitsi silinakule. Ndilibe chochita masana ano. "Ngati sizikuvuta." Anapita, anabwera madzulo, tsitsi lili chimodzimodzi. Ndikuganiza kuti anangoimika galimoto penapake n'kugona.

Njirayi imagwira ntchito ngati makina. Ndiye chimene chikundiopsa.

Bwanji osangonena? Pakamwa ali napo. Kari, khala. Mawu awiri. Ayi, akufuna ine ndiwakumbe ngati mbatata, kuti mawa asadzanene kuti anapempha, ine ndisadzanene kuti anandikakamiza. Aliyense atuluke m'manja muli moyera. Ndi ndale zimenezi. Ndi uchigawenga wovala epuloni.

Kutchalitchi lero ndakana keke kawiri. Azakhali anandisisita phewa ngati mwana wolowerera wabwerera.

Zimene ndikusowa: njinga yanga yakuda yopanda mabuleki abwino. Mvula yopingasa. Kuyenda mumsewu popanda wondimvera chisoni. Mapazi ozizira a Bram. Ndazilemba kuti wina asadzanene kuti zinali zopepuka.

Bambo madzulo ano pakhonde anandidziwa bwinobwino. Anandifunsa za maphunziro, mafunso anzeru. Kenako: "Ukapita, amayi ako uziwaimbira. Samanena, koma amatopa. Sindikudziwa chimawatopetsa."

Lachinayi, 31 Julayi

Mawa ndiye tsiku.

Masana. Bambo akugona pampando, wailesi ikulira za mitengo ya chimanga. Ine ndi Amayi kukhitchini. Pathebulo mbale ya Azakhali, keke ya mandimu, chidutswa chimodzi. Chakhala pamenepo kuyambira Lamulungu, chikuchepa tsiku ndi tsiku. Amayi atenga mpeni kuti achidulenso pakati.

Ndinawalanda mpeni. Mawu anatuluka oipa, okalipa, ngati wapolisi.

Ndati Amayi, ndikufunsa kachitatu. Mukudziwa kuti n'kachitatu. Ndikhale?

Anayang'ana pawindo. Anapukuta thebulo loyera kale. Anakonza kansalu ka pansi pa shuga. Ndinaganiza kuti aphwanya lamulo, anena ayi, ndipo Mulungu andikhululukire, theka la mtima wanga linali litakwera kale ndege.

"Chabwino," anatero. "Ngati sizikuvuta. Pang'ono pokha. Mwina mpaka Khirisimasi."

Tonse tikudziwa kuti si Khirisimasi.

Kenako anakhala pansi, anakoka mbale, n'kudya chidutswa chonse. Ndi manja. Mayi anga, Darlene, msungichuma wa amayi a mpingo. Misozi ikugwera pa mandimu. Atamaliza anati, "Lois amachulutsa shuga."

Zaka makumi atatu akuitamanda keke imeneyo.

Loweruka, 2 Ogasiti

Ku yunivesite ndawauza dzulo kuti sindibwera. Ndafunsa ngati angandisungire malo chaka chamawa. Yankho labwera lisanathe ola: sangalonjeze, ndidzapemphenso. Mzere umodzi. Anthu okoma mtima ngati chitseko.

Amayi agona pabedi usiku wathawu, koyamba kuyambira dzinja. Pampando ndinagona ine. Msana! Tsopano m'nyumba muno muli wodwala msana weniweni.

Bram m'mawa uno. Ati, "Wachita bwino, ndipo zikundinyansa." Chipinda apeza wina wogawana naye. Khirisimasi abwera, ati akufuna adzaone anthu odula keke mpaka kutha. Ndamuchenjeza kuti Azakhali akadzamufunsa za mbale yawo ya mbatatesi adzatseke pakamwa. Ati sangalonjeze.

Ndiye ndamufunsa. Undidikira?

"Sindikudziwa, Kari. Ndikufuna. Koma sindikudziwa."

Foni kukhutu, ndinadikira. Ndinatsala pang'ono kufunsanso. Kawiri, katatu, mpaka atanena zolondola. Koma uyu ndi wa chitini cha mabisiketi chija. Chivindikiro chikatsekeka, chimene wapatsidwa ndi chomwecho, ndipo n'choona.

Amayi akufunsa ngati ndikufuna mazira. Ndati ayi. Aswa kale, ndikumva.

Njinga yakale ya Bambo ili m'galaja, matayala akuphwa. Ndikaipopa, Abusa adzaimika galimoto mpaka adzatope. Ndikufunanso ufa wabwino, osati wa makiyi. Ndipo wina awauze anthu a tauni ino kuti ayezi si

Makina otchetchera. Bambo awayatsa. Panja palibe ndi udzu womwe, ndipite ndika